Makilomita 14 pa lita? Mwina potsika Thabwa

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona zimene wakuuzani wogulitsayo, zoti pikapu ya dizilo imene mukufuna kugula yonyamulira katundu pakati pa Ngabu ndi Blantyre imayenda makilomita 14 pa lita imodzi. Ine ndimakhala ku Nchalo, ndili ndi Hilux ya single cab, injini 2.5 D-4D, ndipo chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi ili m'manja mwanga. M'galimotomo mumakhala kope lakuda ndi girizi limene ndimalembamo malita ndi makilomita nthawi iliyonse ndikamwetsa mafuta. Zimene ndikuuzeni pano zachokera m'kopemo.

Wogulitsayo mwina sakunama, koma mufunseni kuti 14 wakeyo anamuona ali pati. Ndikhulupirira kuti anachokera ku Blantyre, galimoto ilibe katundu, n'kutsika mapiri aja mpaka pa Thabwa, kenako n'kukuonetsani nambala ya pa dashboard. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene kuno kuchigwa mbali zambiri sitifika ngakhale mamita 100. Injini za dizilo zamakonozi zikamatsetsereka zili m'giya, phazi mutalichotsa pa mafuta, kompyuta yake imatsekeratu dizilo, injini n'kumangozunguzidwa ndi matayala. Ndiye kuchokera pa Chadzunda kufika pa mlatho wa Kamuzu, muvi wa mafuta sugwedezeka n'komwe. Ngongole yonseyo mudzaibweza pokwera, ndipo inu pokwerapo ndi pamene muzidzakhala mutasenza matumba.

Yanga imachita chonchi. Kuchoka ku Nchalo kupita ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 80. Ndikanyamula matumba 18 a makilogalamu 50, kaya ndi chitowe kaya mapira, popita ndimawotcha malita 10 kapena 11, ambiri mwa iwo pachikweza chija, pamene galimoto imalira ili m'giya 2 ndi 3, mwinanso mwatsekeredwa kumbuyo kwa lole imene ikukwawa ndipo palibe podutsira. Pobwera wopanda kanthu, malita 5 kapena 6 akwana. Mukaphatikiza, ulendo wonse ndi makilomita 10 pa lita, kapena kuchepera pang'ono. Pamsewu wa tala wosalala, ngati kuchoka ku Nchalo kudutsa Ngabu mpaka ku Bangula ndilibe katundu, ndimapeza 12, tsiku labwino 12 ndi theka. Nambala 14 m'kope langa mulibe, ngakhale galimoto itangotuluka kumene ku sevisi.

Pamenepa ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali chizolowezi chimene chidzatipha. Madalaivala ena amachotsa giya potsika Thabwa, ati akusunga mafuta. Akamatero injini imakhala ikumwabe kuti isazime, pamene ikanakhala m'giya sikanamwa kanthu. Chachiwiri, kulemera konse kumatsalira mabuleki okha, ndipo akatentha amaleka kugwira. Amene timayenda msewu umenewu taonapo zigoba za magalimoto m'maphompho muja. Tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera.

Kuti mudziwe zenizeni, dashboard isiyeni. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita, yendani maulendo anu onse a sabata, kenako mudzazenso pa pampu yomweyo n'kugawa makilomita ndi malita amene alowa. Onetsetsaninso kuti nambala ikuwerengedwa bwanji. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amaonetsa makilomita pa lita, pamene ochokera ku South Africa kawirikawiri amaonetsa malita pa makilomita 100. Ndinaonapo munthu akunyadira kuti yake ikuonetsa 13, osadziwa kuti tanthauzo lake ndi malita 13 pa makilomita 100, komwe n'kusakwana makilomita 8 pa lita. Ngati mwini wake anaikamo matayala aakulu kuposa amene inabwera nawo, ngakhale makilomita amene ikuwerenga ndi olakwika.

Tsono kuno kwathu kuli zakumwa mafuta zimene anzathu a kumtunda saziganizira. Choyamba ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likafika madigiri 40 n'kupitirira, palibe amene amafuna kuzimitsa aircon. Poyenda simwa kwambiri ayi, vuto ndi poima. Mwafika pamsika wa Ngabu, mukudikira anyamata amalize kukweza, mwakhala m'kati injini ikulira kuti muzizidwe. Ine ndinayeza, imatha pafupifupi lita imodzi pa ola, galimoto isanasunthe ngakhale phazi limodzi. Kuchita zimenezo tsiku ndi tsiku, pakutha pa mwezi ndi chigubu chathunthu cha malita 20. Masiku ano ndimaimika pansi pa mtengo n'kutuluka.

Kenako fumbi. Mukamalowa kumidzi, njira ya ku Chapananga kapena kutsidya kwa Shire cha ku Masenjere ndi ku Muona, fyuluta ya mpweya imatsekeka msanga kwambiri. Injini ikabanika mphamvu zimachepa, inu mumaponda kwambiri, utsi wakuda kumbuyo, ndipo utsi umenewo ndi dizilo amene mwagula koma sanapse bwino. Fyulutayo ndimaitulutsa sabata iliyonse nyengo yachilimwe n'kuigwedeza, ndipo ndimaisintha nthawi yake isanakwane. Ya mtengo wotsika ndinaisiya, imalowetsa fumbi ku turbo.

Dzinja ndiye nkhani ina. Dothi la makande la ku Ngabu likanyowa limamata matayala ngati phula, ndipo ngati yanuyo ndi 4x4, mukaika low range, giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono m'matope, muiwale zowerenga makilomita. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, misewu itaduka, mwezi umenewo kope langa likuonetsa makilomita 7 pa lita, chifukwa kunali kuzungulira, kutitimira, ndi kukoka anzathu. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya pa tala wa M1, ndingakulangizeni 4x2. Ndi yopepuka, imamwa pang'ono, ndipo zowonongeka n'zochepa. Koma ngati mukagule mbewu m'madimba, ndiye 4x4 simungaithawe.

Liwiro nalo. Pa 80 kapena 90 galimoto yanga imamwa mwaulemu, ndikafika 120 ndimataya makilomita 2 pa lita iliyonse, makamaka katundu akatalika kupitirira denga n'kumagwira mphepo. Komanso msewu wathuwu ndi wa mbuzi, ng'ombe, ngolo ndi akabaza, kuthamangako n'kofuna maliro. Mpweya wa matayala muziyeza m'mawa kusanatenthe.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri, achimwene, si kusiyana kwa 10 ndi 12 ayi. Ndi dizilo amene mumathira. Nthawi imene mafuta anasowa, mizere pa filling station ikugona masiku, ndinali ndi katundu wa munthu woti afike ku Limbe, ndiye ndinagula zigubu ziwiri kwa mnyamata wina m'mbali mwa msewu. Sindidziwa ngati munali madzi kapena palafini. Patapita sabata ziwiri galimoto inayamba kuvuta kulira m'mawa, kugogoda, kufuka utsi woyera. Ma injector awiri, timipopi topopera dizilo mu injini, anapita. Injini zamakono ngati yangayi, zotchedwa common rail, zimapopa dizilo mwamphamvu yoposa ma bar 1,000, timabowo take n'tating'ono ngati tsitsi, ndipo dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa pampu. Palafini ndi wouma, madzi amachititsa dzimbiri. Ndalama imene ndinalipira kugalaja inaposa mafuta onse amene ndinkati ndapulumutsa chaka chimenecho, ndipo kumbukirani kuti chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja mtengo wake sunabwererenso pansi. Tsopano ndimasunga zigubu zanga zotsuka bwino, ndimadzaza pa pampu mafuta akapezeka, ndipo ndinaikitsa fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi.

N'chifukwa chake anthu ena kuno amakakamirabe ma Hilux akale a injini ya 3L ndi 5L, zopanda turbo. Zimamwa mopitirirako pang'ono, pa Thabwa zimakwera ngati nkhalamba, koma dizilo wokayikitsa zimapirira, ndipo makaniko wa pa Dyeratu kapena pa Bangula amazikonza pansi pa mtengo. Sindikuti mugule yakale, koma muziike pa sikelo. Ford Ranger ya 3.2 ili ndi mphamvu zosangalatsa, koma ndi ya masilinda 5 ndipo ludzu lake n'loposa la 2.2 kapena la Isuzu ya 2.5. Zina zatsopano zochokera ku UK zili ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, imene imatsekeka ngati galimoto ikungoyenda timaulendo tatifupi.

Ngati mudzalembe dalaivala, kope lija likhale lanu, osati lake. Galimoto yanga inakhalapo miyezi itatu ikumwa ngati thirakitala, ndinasintha mafyuluta onse, kufikira nditazindikira kuti pobwera kuchokera ku Blantyre inkachita matola mpaka ku Nsanje ine ndili mtulo. Za paipi yoyamwira m'thanki sindinena, mukuzidziwa.

Powerengera phindu lanu, ikani makilomita 9 pa lita, muchulukitse ndi mtengo umene MERA, bungwe loona za mitengo ya mafuta, yalengeza nthawi imeneyo, ndipo muwonjezere oilo wa malita pafupifupi 7 pa makilomita 5,000 alionse. Ngati bizinesi ikuimabe pa 9, gulani. Ngati ikudalira 14 kuti mupeze kangachepe, ndiye ingopitirizani kuchita hayala. Ndipo ngati katundu wanu ndi matumba atatu kapena anayi pa sabata, pikapu ya dizilo ingokudyerani ndalama za sevisi, kagalimoto kapetulo kakukwanirani.

Musanapereke ndalama, muuzeni wogulitsayo kuti mudzaze thanki pa Nchalo ndi ndalama zanu, mukweze matumba 15 ngakhale a mchenga, mupite ku Blantyre n'kubwerera, mudzazenso pa pampu yomweyo. Pachikweza muziyang'ana muvi wa kutentha kwa injini ndi utsi pagalasi. Mumufunsenso ngati timing belt, lamba wa m'kati mwa injini, inasinthidwa, chifukwa pa 2.5 D-4D imafunika kusintha pa makilomita 150,000. Akakana ulendowo, mulembe pano chaka cha galimotoyo ndi mtundu wa injini, ndione ngati ikufanana ndi yanga.