Mwana akufuna kukalowa pansi pa madzi ku Cape Maclear, nimuletse?

Imelo iyi yachokera kwa amayi ena a ku Kapata konkuno ku Chipata. Ati mwana wawo wamkazi akupita ku Cape Maclear, pa nyanja ya Malawi, ndi anzake a kuntchito pa Khrisimasi, alipira kale zolowa pansi pa madzi ndi botolo la mpweya kumsana, scuba ija, koma mwanayo sanachitepo kosi iliyonse, kusambira kwake ndi kwa pa damu chabe. Ndiye akufunsa ngati amuletse.

Amayi, musamuletse ayi, koma asapite ngati thumba la chimanga loti ena anyamule. Zoyesa koyamba zija pansi pa malamulo a PADI, bungwe lophunzitsa za scuba, munthu sapyola mamita 12, ndipo asanapite kwakuya mphunzitsi amayenera kuyamba naye pamadzi ofika m'chifuwa, kumuonetsa kupuma ndi chapakamwa chobweretsa mpweya kuchokera m'botolo, kuchotsa madzi akalowa mu magalasi, ndi kuchipeza chapakamwacho chikatayika. Akaona kuti akungomuveka zinthu pa boti nkumuuza kuti tiyeni tidzaonera konko, atsike. Ndalama ipite, palibe kanthu. Afunsenso kuti mphunzitsi mmodzi akutenga anthu angati, ine opyola anayi ndingakane.

Chimene chimavulaza anthu atsopano si kuya kwenikweni koma mantha. Pa mamita 10 madzi amakupanikiza kawiri kuposa pamtunda, ndiye mpweya umene wapuma pansipo ukamakwera umafufuma, ukafika pamwamba wawirikiza kawiri. Manje munthu madzi amulowa m'mphuno, wachita mantha, watseka kukhosi nkuthamangira kumwamba, mapapo angathe kung'ambika, ndipo izi zimachitika ngakhale pamadzi osaya kwambiri. Nchifukwa chake amabwereza mpaka kutopetsa kuti osagwira mpweya, kumangopuma, ndipo kukwera pang'onopang'ono.

Ine ulendo wanga woyamba khutu lamanzere linayamba kubaya ngati alowetsamo msomali tisanafike patali nkomwe. Wotitsogolera anali patsogolo akuloza nsomba za mbuna zabuluu pamiyala, sanacheuke. Ndinamukwezera chala chachikulu, ndiye pano nkumaseka, chifukwa kwathu chala chimenecho ndi zili bwino koma pansi pa madzi chimatanthauza tikwere, zili bwino yawo ndi kupanga kabowo ndi chala chachikulu ndi cholozera. Mwamwayi cholakwa changacho ndi chimene chinandithandiza, tinakwera pang'ono, ndinatsina mphuno nkupemerera mofatsa, khutu linati tu, ululu nkutha. Amafunika kutero pafupipafupi potsika, osadikira kuti lipweteke. Ndiye ngati mwanayo ali ndi chimfine tsiku limenelo asalowe, makutu satseguka. Mphumu, khunyu, vuto la mtima, izo ayambe waonana ndi dokotala, ndipo pa fomu ya zaumoyo imene amalemba asanalowe m'madzi asanamepo pofuna kusangalatsa anzake. Woyembekezera salowa konse. Mowa wa usiku nawonso aupewe, mukudziwa maulendo a achinyamata.

Tsopano china chimene ife a kuno sitiganiza, ndi msewu wobwerera. Munthu akakhala pansi pa madzi thupi limamwa mpweya wa nayitrojeni, umatuluka pang'onopang'ono, ndipo ukakwera malo okwera msanga ungapange tithovu m'magazi ndi m'mfundo. Nchifukwa chake amati ndege udikire maola osachepera 12 ngati walowa kamodzi, 18 ngati walowa kangapo. Mudzati mwana wanga sakwera ndege, akubwera pa minibasi. Eya, koma nyanja ili pa mamita ngati 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, msewu wa ku Golomoti uja umakwera phiri mokhotakhota kukafika kufupi ndi Dedza kumene ndi pafupifupi mamita 1,600, Lilongwe ndi Chipata yathu yomwe zili pamwamba pa 1,000. Ndiye asalowe m'madzi m'mawa nkunyamuka masana kuthamangira boda ya Mwami. Alowe tsiku loyamba kapena lachiwiri, lomaliza adye chambo chake pamchenga.

Akabwera mumuyang'ane. Dzanzi m'manja kapena m'miyendo, chizungulire, kuwawa m'mapewa kosadziwika bwino, musati watopa ndi ulendo, apite kuchipatala ndipo anene poyera kuti analowa pansi pa madzi ndi botolo. Ndipo pakapita miyezi ingapo akayezetse likodzo, ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, nkhono zake zilipo, mankhwala ake ndi praziquantel.