Pook's Hill: Nyumba Imene Inasunga Banja Lachifumu la ku Norway pa Nkhondo

Wowerenga wina watitumizira imelo yofunsa kuti: "Kodi n'zoona kuti Mfumu Harald V ya ku Norway inakulira ku America? Nanga bwanji sinakhale ndi bambo ake ku London?"

N'zoona ndithu. Asilikali a Germany atalowa m'dziko la Norway pa 9 April 1940, banja lachifumu linagawikana pawiri. Mfumu Haakon VII ndi mwana wake Olav anakathera ku London. Märtha, mkazi wa Olav, anatenga ana awo atatu, Ragnhild, Astrid ndi Harald wa zaka 3, n'kuthawira kwawo ku Sweden.

Kwawoko sikunali kokhalitsa. Panali mantha oti Ajeremani akhoza kuchotsa Haakon pampando, n'kuikapo kamwanako, Harald, kuti iwo azilamulira kumbuyo. Ku London nako, kuunjika onse oyenera kulowa ufumu mumzinda umene adani anali kuulondalonda kukanakhala kupusa. Choncho Pulezidenti Franklin Roosevelt wa ku America atawaitana, Märtha anavomera. Anakwera sitima ya American Legion padoko la Petsamo, limene panthawiyo linali m'dziko la Finland, pa 16 August 1940, n'kufika ku New York pa 28 August.

Poyamba anali alendo a Roosevelt kunyumba kwake ku Hyde Park m'boma la New York ndi ku White House, koma mlendo wa ana atatu sakhalitsa pakhomo pa eni. Chakacho chisanathe anasamukira ku Pook's Hill, chinyumba cha a Merle Thorpe, mkonzi wa magazini, ku Bethesda m'boma la Maryland.

Ubwino wa nyumbayi sunali kukongola ayi. Inali pachitunda, pakati pa malo aakulu a mitengo, moti alonda sankavutika kuona aliyense wobwera. Komanso inali makilomita pafupifupi 15 kuchokera ku White House, ndiye Märtha ankatha kukakumana ndi Roosevelt, kukalankhulira dziko lake, n'kubwerera kwa ana tsiku lomwelo. Olav ankangobwera mwa apo ndi apo.

Nthawi yonseyi nyumba yawo yeniyeni, Skaugum ya ku Asker pafupi ndi Oslo, munali mukukhala Josef Terboven, mkulu amene Hitler anamuika kuti alamulire Norway. Terboven anadziphulitsa ndi bomba pamalo omwewo pa 8 May 1945. Märtha ndi ana anabwerera ku Oslo limodzi ndi Haakon pa 7 June 1945, Harald ali ndi zaka 8.