Alamu, mayinawo mwana akafunse yekha kwa agogo ake

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndauona pagulupu, koma ndangoti ndilankhule chifukwa ndikusita mayunifolomu, manja alibe mpata wolemba. Ndiye mukuti mwana wathu wangolowa kalasi yatsopano, sabata yoyamba yomweyi aphunzitsi amupatsa ntchito yoti alembe mayina a makolo ake mpaka kwa agogo a agogo, ndipo bambo ake angotchula agogo athu basi n'kuyamba kukanda m'mutu. Sindikudabwa ayi. Mchimwene wanga ameneyo ali mwana, akuluakulu akangoyamba kucheza iye ankathawira kumpira.

Mayina ena ndikuwadziwa, koma sindikutumizirani lero. Musakwiye. Ndikatumiza, inu mukopera papepala, mwana akapereka, aphunzitsi achonga, nkhani yathera pomwepo. Amayi alipo, mutu wawo ukugwira bwinobwino. Loweruka mupite naye akawafunse yekha.

Koma mumuuziretu asachite mantha akaona mabokosi ena olembamo mayina papepalalo atsala opanda kanthu. Awerengere yekha: makolo 2, agogo 4, makolo a agogo 8, kenako 16, kenako 32. Mukabwerera mibadwo 10, mzere umodzi wokhawo muli malo 1,024. Ndani angawadziwe onsewo? Ine ndi imvi zangazi, pa 8 aja ndimatchula 5 okha. Pomwe sitikudziwa alembe kuti sizikudziwika, asapeke dzina pofuna kudzaza pepala, chifukwa pepala limenelo tsiku lina mdzukulu wake adzalikhulupirira.

Tsono kafunsidwe kake ndiye nkhani. Akangofika n'kunena kuti agogo munabadwa chaka chanji, amayi angoseka n'kumuuza kuti kalekale. Munthu wamkulu sakumbukira ndi manambala, amakumbukira ndi zochitika. Poti iyeyo wangoyamba kumene kalasi, ayambire pomwepo. Awafunse kuti tsiku lanu loyamba kusukulu munavala chiyani, anakuperekezani ndani, munalira kodi? Chitsiriza wanga uja anafunsa funso lomweli zaka ziwiri zapitazo, ine ndili pambali ndikungomvera. Amayi anakhala duu kanthawi, akusisita bondo lawo, kenako anati anawaperekeza ndi mlongo wawo wamkulu, atawagwira padzanja njira yonse, n'kukawadikirira panja mpaka kuweruka. Alamu, munthu ameneyo ine ndinali ndisanamumvepo. Anamwalira ife tisanabadwe, ndipo dzina lake silinkatchulidwa pakhomo. Zaka zonsezi ndakhala ndi amayi, linatuluka chifukwa cha funso la mwana.

Ndiye foni ikhale yotchaja, mujambule mawu. Muwapemphe kaye, musawabere. Ndipo akafika pena n'kungoti zii, kapena kusintha nkhani, mumutsine mwanayo asaumirire. Mabokosi ena muli zilonda. China, akuluakulu ambiri anali ndi mayina awiri kapena atatu, la paubwana lina, la m'zikalata lina, ndiye muzifunsa kuti kodi uyu ndi uja ndi munthu mmodzi? Ife tinalembapo munthu mmodzi kawiri, tinaseka zedi.

Dikirani kaye ndiimike simbiyi... eya. Ndimati chiyani? Zithunzi. Musutikesi ya amayi ija muli envulopu yakhaki, m'mbali mwake monyenyeka, muli zithunzi zakale zosakwana khumi. Atulutse chimodzichimodzi, amayi aziloza ndi chala, iye azilemba mayina kumbuyo. Alembe ndi pensulo mopepuka, osati bolopeni, inki imadutsa n'kuwononga nkhope. Mukatero muzijambulenso ndi foni pamalo owala n'kuziponya pagulupu pano, aliyense akhale nazo.

Za funso lake lija loti n'chifukwa chiyani mphuno yake ikufanana ndi yanga osati yanu, mumuuze kuti m'maselo a thupi la munthu mumakhala ma chromosome 46, tinthu tonyamula zomwe mwana amatengera kwa makolo ake, ndipo 23 amachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Ndiye kwa agogo aliyense amatengako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ngakhale sizikhala ndendende, wina amapatsa zochulukirapo pang'ono. Azakhali enieni ngati ine timafanananso naye pamlingo womwewo. Mphunoyo ndi yakwathu, asadandaule nayo.

Komatu inunso alamu, mwafunsa za mbali ya bambo ake yokha. Theka la pepalalo ndi lanu. Bambo anu aja amakonda kucheza, muwaimbire mwanayo alankhule nawo, mwina kumeneko n'kumene mabokosi adzadze msanga kuposa kwathu kuno.

Zinazo za kutsegulira sukulu ndikhulupirira mwalongosola kale. Chachikulu azigona msanga, msinkhu umenewo umafuna maola 9 mpaka 12, ndipo tulo ta patchuthi timavuta kubweza. Anga ano m'mawa uno ndachita kuwakoka miyendo.

Loweruka mundiuze nthawi yomwe munyamuke, ndibwera ndi kope lomwe chitsiriza wanga analembamo, tikayerekeze ndi zomwe amayi anene ulendo uno. Ayi ine, kolala yapsa apa. Mupereke moni kwa achimwene, muwauze nawonso apite, asathawirenso kumpira.