Chemistry ya semesita yachiwiri: yambani mwagwira equilibrium

Wophunzira wina wa ku Bunda watumiza imelo kufunsa kuti: "General Chemistry ya semesita yachiwiri ikuyamba. Ndilimbikire mitu iti, nanga mabuku ndiwapeza kuti poti ndalama ndilibe?"

Nthawi zambiri mitu yake imakhala kinetics, equilibrium, ma asidi ndi ma base, thermodynamics ndi electrochemistry. Koma wobereka inzake kumbuyo ndi equilibrium, pamene reaction yopita kutsogolo ndi yobwerera zikuyenda pa liwiro lofanana. Mukaugwira bwino, masamu a pH, buffer ndi Ksp (nambala yoonetsa kasungunukidwe ka cholimba) onse amayenda njira imodzi, ya tebulo la ICE (Initial, Change, Equilibrium).

Tengani acetic acid, asidi wa mu viniga, wa 0.10 M. Ka yake, nambala yoonetsa mphamvu ya asidi, ndi 1.8 × 10⁻⁵. Mu tebulo la ICE lembani zimene zinalipo poyamba, zimene zasintha ndi zopezeka pa equilibrium, mufike pa x² / (0.10 − x) = Ka, pomwe x ndi kuchuluka kwa H⁺. Poti asidiyu ndi wofooka, x ndi kakang'ono, ndiye mutha kukachotsa m'munsimo. Mupeza x = 1.3 × 10⁻³, pH 2.87. Musathamange apa. Gawani x ndi 0.10: yatuluka 1.3 peresenti, sinafike pa 5, ndiye zili bwino. Ikapitirira 5, bwererani mugwiritse ntchito quadratic. Kumbukiraninso kuti cholimba chosasungunuka sichilowa mu K, equilibrium constant. Laimu wothira m'munda uja, CaCO₃, Ksp yake ndi [Ca²⁺][CO₃²⁻] basi.

Pa thermodynamics malikisi amathera pa mayuniti. Mu ΔG = ΔH − TΔS, ΔH imabwera mu kJ pomwe ΔS ili mu J/K, choncho gawani ΔS ndi 1000 musanachotsere, ndipo T ikhale mu Kelvin. Mu ΔG° = −RT ln K, R ndi 8.314, ndipo pa kalikuleta dinani ln osati log. Batani limodzi lolakwika, yankho lonse lapita.

Batire la zinc ndi kopa limapereka 1.10 V. Mukachulukitsa theka la equation kuti ma electron afanane, E°, voteji ya thekalo, musaichulukitse ayi. Pa kinetics, order muipeze kuchokera ku zotsatira za experiment, osati ku manambala a kutsogolo kwa equation.

Za mabuku musade nkhawa. Chemistry 2e ya OpenStax ndi yaulere pa intaneti. Ikopereni ya PDF mukapeza Wi-Fi, muziwerenga pafoni opanda bandulo. Ena mwa mafunso ake mayankho ali kumapeto. PhET, pulogalamu yoyerekezera ma experiment ya University of Colorado Boulder, imaonetsa pH ikusintha pamene mukuthira madzi mu asidi, ndipo nayo imakopereka. Makanema a Khan Academy ndi abwino, kungoti amadya bandulo, ndiye muziwatsegula pa mutu wokhawo umene wakuvutani.

Funsaninso ku laibulale mapepala a mayeso akale. Tsiku lililonse sovani mafunso asanu ndi pensulo buku lili chotseka, ndipo limene mwalakwa mulibwerezenso pakatha masiku awiri.