Subwoofer ikamangoti "buu buu": yankho kwa achimwene a ku Area 25

Achimwene, mwati subwoofer yanu, sipika ya besi ija, ikungoti "buu buu", mawu a oyimba akumira, ndiye mukufunsa nambala yoyenera pa crossover (malire pomwe masipika amasiyira besi kwa subwoofer) komanso poti muyiike. Yambirani pa 80 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa liwu). Nambala imeneyi ndi imene a THX, kampani yoika miyezo ya kamvekedwe ka mawu m'makanema, anakhazikitsa, chifukwa besi yotsika kuposa pamenepo khutu limavutika kudziwa komwe ikuchokera. Mukakweza mpaka 150, mumayamba kumva kuti bokosi lili apo, ndipo mawu a amuna amalemera ngati munthu akulankhulira mumgolo.

Koma onani kaye masipika anu. Ngati ndi timasipika tating'ono tija tobwera ndi home theatre, sititsika kufika 80, ndiye pakati pa timasipikato ndi subwoofer pamatsala mpata. Zikatero ikani 100 kapena 120. Ngati muli ndi receiver (amplifaya yomwe mumalumikizako masipika onse), masipika muwaike pa "Small", crossover muyichunire mu receiver momwemo, ya kumbuyo kwa subwoofer muyipotokole mpaka pa nambala yokwera kwambiri kuti ziwirizi zisamalimbane.

Komabe ine ndikukayikira kwambiri malo amene mwayiikawo. Nyumba zathu zambiri muno mu Lilongwe n'za njerwa, pansi simenti kapena matailosi, ndipo besi imangogunda khoma n'kubwerera. Funde la 80 Hz limatalika kupitirira mamita 4, pafupifupi kukula kwa pabalaza pambiri. Mafunde akamabwerera choncho, pena amaunjikana, pena amazimitsana. Yanga ku Kawale inali pakona. Mbale m'kabati zinkachita kulira, magalasi a mawindo kunjenjemera, koma pasofa pomwe ndimakhala besi kunalibe. Ndinkangowonjezera voliyumu, osadziwa kuti amene akuvutika ndi aneba kuseri kwa khoma.

Chimene chinandithandiza ndi ichi, ndipo ndikukupemphani muchiyesere. Nyamulani subwoofer muyiike pasofa penipeni pomwe mumakhala. Ikani nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, yokhala ndi gitala ya besi yoyenda uku ndi uku. Kenako gwadani, muzikwawa m'mbali mwa khoma mutu uli pansi, mukumvetsera. Ana akusekani, musawasamale. Pomwe mumve noti iliyonse ikumveka payokha, popanda ina yofuula kuposa zinzake, ikani chizindikiro ndi choko. Malo a subwoofer ndi amenewo. Kwanga ndinawapeza kutsogolo, pakati pa TV ndi chitseko, kutali pang'ono ndi khoma.

Pakona besi imachuluka ndithu, koma kuchuluka kwake n'kumene kumabweretsa "buu buu" uja. M'kati mwa kabati musayiikemo n'komwe.

Mukayikhazika, tumani mwana azisintha kaswichi kolembedwa "phase" kumbuyo kwa subwoofer pakati pa 0 ndi 180 inu muli pasofa, musiye pomwe besi ikumveka yodzaza. Voliyumu yake yambirani pakati, muzitsitsa mpaka musamamvenso komwe bokosi lili. Pansi pake yalani kalabala kapena kakapeti kokhuthala kuti isamatsetsereke pa matailosi. Mutiuze mtundu wa masipika anuwo, tithandizane kusankha pakati pa 80 ndi 120.