Funsani za chilengedwe: kambalame ka mawanga kaja nkosowadi?

Funso: Akulu, ine ndimakhala ku Makhwira kuno ku East Bank. Mwana wanga wagwetsa ndi legeni kambalame ka mawanga pachifuwa kamene kamatokosa masamba pansi pa mtengo wa mango, ndiye aphunzitsi ena nditawaonetsa chithunzi pa foni akuti ndi yosowa ija amati spotted ground thrush. Zoona zimenezi?

Yankho: Achimwene, ndikukaika kwambili. Pansi pa mango kuchigwa kotentha chonchi, ine ndikuona ngati ndi mwana wa Kurrichane thrush, ija ya mlomo wa olenji ndi timizere takuda pakhosi imene imadumphadumpha pansi kusaka nyongolotsi mvula ikangoyamba. Ana ake amakhala ndi mawanga pachifuwa, akakula amatha, ndiye anthu amasokoneza basi. Imeneyi njambiri mmidzi ndi mtauni momwe, bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, limaiika mgulu la zosadetsa nkhawa.

Imene akunena aphunzitsiwo ndi ya banja lomwelo koma khalidwe losiyana. Mimba yoyera mbee ya mawanga akuda akuluakulu mpaka kukalamba, mizere iwiri ya madontho oyera paphiko, yamanyazi, ndipo imafuna nkhalango yothithikana ya mthunzi ndi chinyontho, pansi pali masamba owola. Mukadula mitengo siisamukira pa mango ngati inzakeyo ayi, imangotha, nchifukwa chake ili pa mndandanda wa mbalame zomwe zili pachiopsezo. Iliko ku South Africa, Kenya ndi Tanzania, koma yathuyi ndi kamtundu kakekake kotchedwa belcheri, dzina lochokera kwa Charles Belcher amene anali jaji nthawi ya Nyasaland, ndipo inkapezeka mmapiri ochepa ngati Mulanje, Soche ndi Thyolo.

Eya, Thyolo yomweyo ili pamwamba panuyo mukayang'ana kummawa. Nkhalango ya paphiri paja anthu anaigwetsa pafupifupi yonse nkulimapo, pangotsala kachigawo mbali ya ma esiteti a tiyi, nanga Soche naye mwamuona mmene wayerera ndi makala ndi nkhuni. Ndipo inu a kumunsi mukudziwa bwino zimene madzi amachita akamatsika mmapiri opanda mitengo, mchenga mmadimba, miyala pamsewu, za Freddy mu 2023 sindikuuzani ine.

Mwanayo legeni aziloza nayo mango, Kurrichane thrush ija imakudyelani tizilombo kudimba. Mukaona ina ya mawanga, yang'anani kaye paphiko ngati pali mizere yoyera ija, muijambule mutitumizire.