Kanema wakukanika masiku atatu, ndiye usiye zamakompyuta?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata amene analemba MSCE chaka chatha ndipo akudziphunzitsa kupanga mawebusaiti. Akukonzera mpingo wawo tsamba. Akaika kanema wa YouTube mu CKEditor 5, edita yolembera nkhani za pawebusaiti, amaoneka bwinobwino, koma akasindikiza, kanemayo kulibe. Atamata yekha khodi ya YouTube, kanema akusefukira kunja kwa sikirini ya foni. "Bambo akuti ndisiye zoseweretsa, ndikalembetse unamwino. Kapena mutu wangawu si wa zimenezi."

Makalata otere ndawawerenga ambiri, ndipo amanditopetsa. Iwe mnyamata, masiku atatu okha basi wayamba kale kukayikira mutu wako?

Tamvera. CKEditor 5 sisunga kanemayo ayi. Imangosunga kachidutswa ka khodi kotchedwa figure, ka class "media", mkati mwake muli kena kotchedwa oembed kokhala ndi adiresi ya kanema. Chrome ikafika pa oembed sidziwa chochita nayo, n'chifukwa chake pamangotsala mpata. Tsegula previewsInData m'makonzedwe a mediaEmbed, kanema abwera. Komanso masitayilo a editayo sakutsatira okha kutsamba: ika fayilo yake ya CSS (khodi yokonzera maonekedwe a tsamba), ndipo malo amene nkhani ikuonekera uwapatse class ya ck-content.

Zosefukirazo n'zosavuta. Khodi ya YouTube imabwera ndi muyeso wokhomereratu, 560 m'lifupi, 315 kutalika. Foni yako ndi yopapatiza kuposa pamenepo. Uza iframe, bokosi limene kanema amakhalamo, kuti width ikhale 100%, height ikhale auto, aspect-ratio ikhale 16 / 9. Asanafike 2021 tinkachita kuzungulira ndi padding ya 56.25%, inu mwapeza zophikaphika. Makona obulungira ndi malire uika pa figure. Koma zam'kati mwa iframe, monga batani lofiira lija, usataye nazo bandulo. Zimenezo ndi za YouTube, CSS yako silowamo.

Chimene chakugwetsa ndachiona: ukudumphadumpha. Lero editayi, mawa React (chida china chopangira mawebusaiti), CSS sunaikhalire pansi ngakhale mwezi umodzi. Ndipo ngati ukulota madola a makasitomala akunja pofika Khirisimasi, dzuka. Munthu amene kanema akumusefukira pa foni palibe angamulipire.

Inu bambo, unamwino ndi ntchito yolemekezeka, koma mwanayu simunamufunse ngati amatha kuona magazi. Wakhala masiku atatu pa vuto limodzi popanda womukakamiza. Zoseweretsa sizikhala choncho. Ngati mapointi ake akulola, MUBAS, MUST ndi UNIMA kuli maphunziro a zamakompyuta, ndipo pepala limathandizabe pofunsira ntchito kuno kwathu.

Iweyo maliza kaye tsamba la mpingolo, ulitsegule pa foni ya amayi ako, osati pa laputopu pokha. Kanema akakhala m'malo mwake, undilemberenso, tikambe zofunsira malo.